Thumba la Matenda: Boma Litisokere Malaya Otikwana

Anthu a pa Chinakanaka safuna kuphunzitsidwa kusonkha. Amasonkhera maliro, amasonkhera ukwati, amasonkhera malata a tchalitchi, ndipo amayi a banki m'khonde amakumana sabata ndi sabata ndi bokosi lawo lachitsulo popanda DC kuwaitana. M'magulu ambiri otere muli kathumba kapadera ka zogwa mwadzidzidzi, komwe membala amatapako mwana akagonekedwa m'chipatala. Tsono tiyerekeze kuti magulu makumi awiri a m'midzi yozungulira msikawo agwirizana kuti kathumbako akakuze, kakhale thumba lenileni la matenda: lolipirira mamembala ku chipatala cha mishoni, lolipira galimoto yonyamula wodwala usiku, logula mankhwala amene asowa ku chipatala cha boma. Kodi anthu amenewa akagogode pa khomo liti kuti boma liwazindikire? Chiphaso chawo chikachokera kuti? Nanga adzawateteza ndani msungichuma akadzaolokera ku Milange ndi ndalama zonse?

Ine ndikuti dziko lathu liribe khomo lowayenera anthu amenewa, ndipo kusowa kwa khomolo ndi mlandu wa boma. Ndikuti mathumba a matenda oyendetsedwa ndi eni ake, osafuna phindu, ayenera kukhala ndi chiphaso ndi kuyang'aniridwa, koma ndi lamulo losokedwa molingana ndi msinkhu wawo. Pa nkhani imeneyi ndiri pa mkangano ndi magulu atatu: amene amati "asiyeni anthu akumudzi adzionere okha", amene amati "ali yense wogwira ndalama za matenda akhale ngati kampani ya inshuwalansi", ndi amene amati "boma lingotenga zonse". Onsewa ali ndi kamfundo kawo koona, ndipo ndiwayankha mmodzimmodzi.

Koma poyamba ndiyankhe bwana uja amene adzuke ndi kunena kuti, "Chipatala cha boma n'chaulere, nanga thumba la matenda n'lachiyani?" Inde, bwana, pa khomo la chipatala cha boma salipiritsa, ndipo ichi n'chuma chimene tiyenera kuchiteteza. Koma wa kabaza amene amanyamula wodwala kupita ku Boma salandira malonjezo. Wodikirira wodwala amadya. Dokotala akalemba mankhwala amene m'chipatalamo mulibe, munthu amatuluka ndi kapepala kupita ku famase. Ndiponso gawo lalikulu la chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, limaperekedwa ndi zipatala za mipingo za pansi pa CHAM, monga Mulanje Mission cha Sinodi ya Blantyre ndi Holy Family cha Akatolika ku Phalombe, ndipo kumeneko amalipiritsa. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zimenezi kuti anthu ena azithandizidwa kwaulere, makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. N'zabwino zedi. Koma bambo wothyoka mwendo, gogo wa shuga, mnyamata wofuna opaleshoni, onsewa amapisa m'thumba mwawo. M'thumbamo mukapanda kanthu amagulitsa mbuzi, amagulitsa njinga, amapinyolitsa munda, kapena amagwa m'manja mwa akatapila.

Tisaiwalenso kuti ulere umenewu waima pa mwendo wobwereka. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka zoyendetsera zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti K15 pa K100 iri yonse ya bajeti idzapita ku zaumoyo, ndipo ife takhala tikuperewera pafupifupi chaka chiri chonse. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo tonse tinaona momwe ntchito zina za zaumoyo zinagwedezekera. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Pamene zinthu ziri chomwechi, amene ali pa ntchito zolembedwa ali ndi MASM ndi mabungwe ena otero. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa anthu 100 ali onse, okhala ndi inshuwalansi ya zaumoyo sanali kupitirira awiri. Enafe, kuphatikizapo wothyola tiyi wa ganyu, mlimi wa nandolo ndi mayi wogulitsa tomato pa Chinakanaka, inshuwalansi yathu ndi chifundo cha achibale, amenenso ali osauka ngati ife tomwe.

Tsono tiyeni tiyende limodzi ndi nthumwi za magulu aja, tione makomo amene lamulo lawatsegulira. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Financial Services Act, lamulo limene linapatsa Gavanala wa Reserve Bank udindo woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo mathumba olipirira anthu ku chipatala anatchulidwamo. Koma kwa zaka zoposa khumi chikhazikitsire lamulolo, lamulo lakelake lofotokoza mmene mathumbawa ayenera kuyendera linangokhala likukambidwa m'misonkhano ya m'mahotela. Chaka chomwecho cha 2010 kunabweranso Insurance Act, lolembedwera makampani okhala ndi mpamba wa mamiliyoni mazanamazana, maloya ndi akatswiri owerengera ngozi. Mu 2011 kunabwera Financial Cooperatives Act, la ma SACCO, amene ntchito yawo ndi kusunga ndi kukongoza ndalama. Palinso Cooperative Societies Act la 1998, limene alimi a mkaka, a khofi ndi a mpunga analembetsera makopaletivi awo ku unduna wa zamalonda. Ndipo pali Trustees Incorporation Act la 1962, limene limapatsa gulu dzina ndi chidindo, koma silitumiza munthu wodzawerenga za m'bokosi.

Makomo asanu, koma palibe ngakhale limodzi lolembedwa dzina lawo. Ku inshuwalansi akawauza kuti ndinu aang'ono. Ku SACCO akawauza kuti ntchito yanuyi si yosunga ndi kukongoza. Ku zamalonda angathe kuwalemba m'kaundula, koma woyang'anira kumeneko anaphunzira kuwerenga matumba a mbewu, osati kuona ngati zopereka za mabanja mazana awiri zingakwanire malungo a m'dzinja. Zotsatira zake ndi ziwiri. Magulu ochenjera amaopa, nasiya ganizolo. Magulu olimba mtima amayamba mwakachetechete, popanda chiphaso, popanda wowayang'anira, ndipo zikavuta mlandu umakathera pa bwalo la amfumu, kumene wolakwa amalipira mbuzi pomwe wadya ndalama za midzi isanu.

Apa ndi pamene gulu loyamba limalowera. Ilo likuti: "Boma likagwira chinthu chimafa. Banki m'khonde yakula popanda chiphaso. Asiyeni." Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma eni ake sanasiyanitse zinthu ziwiri. Mu banki m'khonde muli anthu makumi awiri kapena atatu odziwana mpaka ku mtundu. Bokosi limatsegulidwa onse akuona, ndipo pakutha pa chaka ali yense amatenga zake ndi chiwongoladzanja. Wina akabera zimaoneka msanga. Thumba la matenda siliri choncho. Ndalama imene waponyamo sibwerera kwa iwe pokhapokha utadwala. Chimene wagula ndi lonjezo, ndipo lonjezo limaoneka kuti linali labodza pa tsiku limene uli chigonere pa machira, tsiku limene sungathe kukangana ndi munthu. Ndiponso kuti thumba lotere liime, lifunika mabanja mazana, ochokera m'midzi yosiyana, osadziwana. Manyazi amene amasunga bokosi la anthu makumi awiri sangasunge thumba la anthu chikwi.

Tiyeni tiwerengere, mongoyerekeza. Mabanja 200 akamasonkha K1,000 pa mwezi, thumba lilandira K200,000 pa mwezi, kapena K2,400,000 pa chaka. Kwa munthu wakumudzi imeneyi ndi ndalama yochititsa kaso, ndipo kwa msungichuma wofooka mtima ndi chiyeso chachikulu. Komabe kwa matenda ndi kandalama kochepa. Odwala angapo ofuna opaleshoni ndi maulendo angapo a galimoto yahayala kupita ku Queens ku Blantyre angathe kuliyeretsa miyezi isanu isanathe. Palinso chinthu china chimene akatswiri a inshuwalansi anachidziwa kalekale: kulowa kukakhala kwa kufuna kwa munthu, oyamba kulowa amakhala odwaladwala, ndipo amphamvu amati tidzalowa tikadzadwala. Thumba likadzaza ndi odwala okhaokha zopereka zimakwera, zikakwera amphamvu otsala amatuluka, ndipo mapeto ake thumba limagwa popanda ngakhale wakuba mmodzi. Komiti ya anthu oona mtima ingathe kugwetsa thumba chifukwa chosadziwa masamu amenewa. Safunsa anadya phula, komatu pano wofunsidwayo palibe.

Mulanje amadziwanso bwino kuti tsoka silibwera kwa munthu mmodzimmodzi nthawi zonse. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula midzi ya m'mphepete mwa phiri lathu, m'Mulanje ndi m'Phalombe, ndipo ovulala, odwala ndi osowa pogona anali anthu a m'dera limodzi, pa sabata imodzi. Thumba la midzi yoyandikana likakumana ndi tsoka lotere, onse olipira amasanduka onse ofuna kulipiriridwa. Ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 pa tsiku limodzi. Mankhwala athu ambiri amachokera kunja. Ndalama imene inasonkhedwa mu Okutobala sinathe kugula mu Disembala zimene anthu analonjezedwa. Amene akuti "asiyeni" atiuze: pa masiku otere, thumba losiyidwa lokha lidzatsamira pa chiyani?

Wina asaganize kuti dzina lakuti "bungwe la mamembala, losafuna phindu" ndi mankhwala oletsa kuba. Ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, kuli bungwe la PSMAS lolipirira ogwira ntchito m'boma ku chipatala. Mu 2014 zinaululika kuti mkulu wake ankalandira madola a ku America 230,000 pa mwezi, pamene madokotala ndi mafamase anali kudandaula kuti bungwelo silikuwalipira, ndipo mamembala ena anali kubwezedwa. Pa pepala eni ake a bungwelo anali mamembala. Ngati aphunzitsi ndi anamwino, anthu odziwa kuwerenga malipoti, anadyeredwa chomwecho, nanga mayi wa pa Chinakanaka amene amasaina ndi chala? Kusiya osauka opanda lamulo si kuwalemekeza ayi. Ndi kuwasiya m'khola lopanda chitseko m'dziko la afisi.

Tsopano nditembenukire kwa gulu lachiwiri, la mabwana a masuti, amene akamva zonse ndanenazi agwedeza mutu ndi kunena kuti, "Mwaonatu! N'chifukwa chake ife timafuna mpamba waukulu, ma odita ochokera mu mzinda, ndi malipoti a mwezi ndi mwezi a m'Chingerezi." Ayi mabwana, musafulumire. Taonani ku South Africa. Lamulo lawo la 1998, Medical Schemes Act, liri ndi zabwino zimene tiyenera kutengera: mabungwewo saloledwa kufuna phindu, theka la matrasti limasankhidwa ndi mamembala, munthu sakanizidwa kulowa chifukwa cha ukalamba kapena matenda, ndipo bungwe liri lonse liyenera kusunga padera ndalama zokwana 25 pa 100 ya zopereka za pa chaka. Koma kuti bungwe latsopano lilembetsedwe lifunika mamembala 6,000. Lamulolo lateteza bwino amene ali m'kati, koma anthu ambiri a dzikolo ali kunja, kuphatikizapo ana athu amene akugwira maganyu ku Johannesburg. Malaya osokedwera chimphona mukaveka mwana, mwanayo sayenda, amangogwa.

Chitsanzo chowawa kwambiri chiri ku America. Lamulo lawo la zaumoyo la 2010, limene anthu amalitcha Obamacare, linalola kuti pakhale makopaletivi a inshuwalansi ya zaumoyo oyendetsedwa ndi mamembala, osafuna phindu, kuti apikisane ndi makampani akuluakulu. Anakhazikitsidwa 23, ndi ngongole ya boma yoposa madola 2 biliyoni, ndipo ali onse anayenera kutenga chiphaso ku boma la chigawo chake ndi kusunga ndalama zapadera mofanana ndi makampani akale. Boma lalikulu linalonjeza kuti m'zaka zoyamba lidzathandiza amene alandira odwala ambiri kuposa mmene ankayembekezera. Itafika nthawi yolipira mu 2015, linapereka masenti osakwana 13 pa dola iri yonse imene linalonjeza. Oyang'anira a m'zigawo atawerenga mabuku anapeza kuti ndalama zapadera zaperewera, nayamba kutseka. Pofika kumapeto kwa chaka chomwecho theka la makopaletiviwo linali litagwa, ndipo pofika 2021 anatsala atatu okha. Mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma linalakwa ndipo liyenera kulipira, koma chigamulo sichidzutsa wakufa. Ena mwa makopaletiviwo analakwitsa okha poika mitengo yotsika kwambiri, izi n'zoona. Komabe phunziro liri poyera: boma likakhwimitsa lamulo ndi dzanja limodzi, n'kubweza thandizo ndi dzanja linalo, chiphaso chimasanduka chikalata cha imfa.

Gulu lachitatu ndi la amene amati boma lingosonkhanitsa zonse m'thumba limodzi la dziko. Iwo amaloza ku Rwanda, kumene mathumba a m'midzi anayamba kuyesedwa mu 1999, kenako kulowa kunakhala kokakamiza, ndipo mu 2015 anaperekedwa m'manja mwa bungwe la boma la RSSB. Amalozanso ku Ghana, kumene lamulo la 2003 linakhazikitsa mathumba a m'maboma ang'onoang'ono, ndipo la 2012 linawaphatikiza onse pansi pa ofesi imodzi. Sindikana kuti maikowa afikira anthu ambiri. Koma ife tiri ndi mbiri yathu. Makopaletivi a alimi anavomerezedwa ndi lamulo m'dziko muno mu 1946. M'zaka zoyamba za ufulu ambiri anathetsedwa, malonda a mbewu napita ku Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inasanduka ADMARC. Mlimi anachoka pa mpando wa mwini n'kukhala pa mzere wa wogulitsa, wolandira mtengo umene ena amuikira. Ndipo a CHAM adandaula kangapo konse kuti boma limachedwa kulipira ndalama za mapangano aja. Boma limene limachedwa kulipira ngongole zake ku chipatala cha mishoni lisatiuze kuti timusungitse K1,000 ya mayi wa tomato. Liyambe laonetsa kuti lingathe kuyang'anira ndalama za anthu popanda kuzigwira.

Nanga tsono lamulo lotiyenera ndi lotani? Silifuna kukatengedwa ku London. Amayi a banki m'khonde analilemba kale pa bokosi lawo: maloko atatu, makiyi atatu, anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ntchito ya boma ndi kutenga nzeru imeneyi ndi kuikuza kuti ikwanire thumba la midzi yambiri. Ine ndikupempha zinthu izi.

Choyamba, chiphaso chizitengedwa ku khonsolo ya boma la Mulanje, m'dzina la Reserve Bank, pa fomu ya m'Chichewa, pa mtengo umene gulu la kumudzi lingathe. Munthu asakwere basi kupita ku Lilongwe kukapempha chilolezo chothandiza mnansi wake. Malamulo akhale ndi masitepe: thumba la mabanja mazana awiri lisafunsidwe zimene lifunsidwa la anthu zikwi makumi asanu.

Chachiwiri, ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Zikhale ku banki kapena ku SACCO yovomerezeka, zotuluka ndi masaini atatu, ndipo kawiri pa chaka mabuku awerengedwe mokweza pa msonkhano wa mamembala onse, kuti wosadziwa kuwerenga amve ndi makutu ake.

Chachitatu, atsogoleri asankhidwe ndi mamembala okha, kwa nthawi yodziwika, ndipo amayi, amene ndiwo amadikirira odwala, asachepere theka la komiti. Mfumu, phungu, khansala ndi mwini chipatala asakhale osainira ndalama. Mfumu tiisunge kuti idzaweruze. Siingaweruze mlandu wa bokosi limene kiyi wake uli m'thumba mwake. Ndipo thumba la matenda lisavale nsalu ya chipani.

Chachinai, lamulo liike malire a ndalama zimene zingapite ku maalawansi, maulendo ndi zakumwa za pa misonkhano. Matenda a alawansi tonse tikuwadziwa, ndipo apha mabungwe ambiri kuposa akuba.

Chachisanu, polowa lizilowa banja lonse, ndipo wolowa kumene adikire kanthawi kodziwika asanayambe kulipiriridwa, kupatula pa ngozi ndi pa uchembere. Imeneyi ndiyo njira yoletsa aja olowa atadwala kale. Koma munthu asakanizidwe chifukwa ndi wokalamba, wolumala, kapena ali pa ma ARV.

Chachisanu ndi chimodzi, pakhale pangano lolembedwa pakati pa thumba ndi chipatala, mitengo yake yopachikidwa poyera, kuti chipatala chisakweze mtengo chikaona khadi la membala, ndiponso thumba lisazengereze kulipira.

Chachisanu ndi chiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, pakhale thumba la mathumba. Ma SACCO ali ndi MUSCCO kuyambira mu 1980. Mathumba a matenda nawonso akhale ndi likulu lawo, kumene liri lonse liziponyako kagawo, kuti la ku Mulanje likagwa ndi namondwe lichirikizidwe ndi la ku Dedza ndi la ku Rumphi. Boma liponyemo gawo lake, lolembedwa m'lamulo, osati lodikira chifundo cha nduna. Ndipo mabanja ovutikitsitsa, amene boma likuwadziwa kale kudzera mu Mtukula Pakhomo, liwalipirire zopereka. Kupanda apo thumba lidzakhala la ochitako bwino a m'mudzi, osaukitsitsa ali panja monga kale.

Chachisanu ndi chitatu, membala wokanizidwa chithandizo akhale ndi kokadandaula kwapafupi, kwaulere, koyankha pa masiku owerengeka. Ndipo chotsiriza, lamulo linene mosabisa kuti palibe munthu adzabwezedwe pa chipatala cha boma chifukwa alibe khadi la thumba. Ndikudziwa chimene ena ku Capital Hill angaganize: anthu akayamba kudzisonkhera, ndiye kuti tapeza poyambira kulipiritsa. Khomo limenelo litsekedwe ndi lamulo lomwelo. Thumba la kumudzi likudza kudzatseka mipata, silikudza kudzamasula boma pa udindo wake.

Ndamva kale yankho la a zachuma: "Tiribe anthu okayendera timathumba tonseto." Bwanji nanga tsiku la msika pa Chinakanaka wodula ziphaso za khonsolo salephera kufika? Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, mayi wa mulu wa tomato amapezedwa, nalipira. Boma limene liri ndi miyendo yokatolera liri nayonso miyendo yokateteza. Alangizi a chitukuko ali kale m'midzi, ndipo ambiri a iwo amagwira kale ntchito ndi magulu a banki m'khonde. Azaumoyo a m'midzi amadziwa khomo liri lonse. Chofunika ndi kuphunzitsa anthu owerengeka pa khonsolo iri yonse kuwerenga buku la thumba, ndi kuwapatsa mphamvu yoimitsa masaini pamene aona utsi, moto usanabuke.

Ndamvanso yankho la ophunzira: "Mathumba ang'onoang'ono olowa mwa kufuna sanafikirepo dziko lonse kwina kuli konse." Zoona. Ku Tanzania thumba la CHF linayamba ku Igunga mu 1996, ndipo kwa zaka zambiri olowa anali ochepa, mpaka dzikolo linakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya onse mu 2023. Ine sindikunena kuti bokosi la pa Chinakanaka lidzamanga chipatala cha khansa. Koma ophunzira omwewo akumbukire kumene zazikuluzo zinachokera. Lamulo la Bismarck la 1883 ku Germany linamangidwa pa mathumba amene amisiri ndi a m'migodi anali nawo kale. Ku Britain mabungwe othandizana a anthu wamba anazindikiridwa ndi lamulo kuyambira mu 1793, ndipo Aneurin Bevan, amene anakhazikitsa chithandizo chaulere cha NHS mu 1948, anakulira ku Tredegar, tauni ya migodi kumene ogwira ntchito ankasonkha pa malipiro awo kuti akhale ndi madokotala awoawo. Anthu amene anazolowera kufunsa msungichuma wawo kuti ndalama zapita kuti ndi omwe amadzadziwa kufunsa nduna funso lomwelo.

Ndipo nkhaniyi si maloto a pa sukulu. Kwa anansi athu ku Thyolo ndi Chiradzulu, ofufuza anayenda m'midzi kufunsa anthu za inshuwalansi yaing'ono ya zaumoyo imene Bvumbwe SACCO inkalingalira, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Anthu sanayankhe ngati osadziwa kanthu. Anadziwa chimene akufuna, ndipo mwa zazikulu panali mayendedwe opita ku chipatala, chinthu chimene bwana wa galimoto yakeyake sangachiganizire. Ku Kaundu m'boma la Dedza anthu ayesa kale thumba lotere mogwirizana ndi chipatala chawo chaching'ono. Chidwi chiripo, nzeru ziripo. Koma zoyesa zimene zaima pa thandizo la mabungwe akunja zimakhala ndi moyo wa pulojekiti: galimoto yoyera ikapita, chikwangwani chimatsala chikuchita dzimbiri. Chimene chimakhalitsa chinthu ndi lamulo, pakuti lamulo silitha ndi pulojekiti.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 32, amapatsa munthu ali yense ufulu wokhala m'gulu ndi anzake, ndipo m'gawo 13 amalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Anthu ofuna kusonkhera matenda aima pamene magawo awiriwa akumanirana, ndipo sakupempha mphatso. Akupempha fomu, kaundula, woyendera mabuku ndi kokadandaula. Aphungu a m'boma la Mulanje, inu amene mumagula mabokosi a maliro ndi kutumiza magalimoto onyamula mitembo, mukudziwa kuposa ife tonse mtengo wa kudwala popanda pogwira. Bokosi la maliro limathandiza banja limodzi tsiku limodzi. Imirirani m'Nyumba ya Malamulo mufunse nduna ya zaumoyo ndi nduna ya zachuma kuti lamulo la mathumba a anthu wamba liri pati, ndipo musakhale pansi mpaka atatchula tsiku.

Kwa ife a pa sukulu ino, makamaka anzathu ophunzira malamulo ndi zachuma, mlandu ulinso pa ife. Talemba mapepala ambiri a m'Chingerezi onena za umphawi, amene osaukawo sanawaonepo. Lamulo limene ndikunenali lingathe kukwana pa masamba khumi. Tilembe ife m'Chichewa, tchuti chikudzachi tikaliwerenge pamaso pa amayi a mabokosi a maloko atatu, atikonze pamene talakwitsa masamu a kumudzi, kenako tikalipereke kwa aphungu. Akadzalikana, adzalikane liri m'manja mwawo, ndipo adzatiuze chifukwa chake pamaso pa anthu amene anawasankha.